Chamba, malire ndi lamulo: mafunso amene akumveka ku Nkhotakota

Chivomerezereni Nyumba ya Malamulo lamulo la Cannabis Regulation Act mu 2020, anthu ambiri kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga, amaganiza kuti chamba chinamasuka. Maganizo amenewa akulowetsa ana athu m'ndende, ena m'ndende zakunja komwe palibe wowazonda.

Kodi boma silinaloleze chamba?

Linaloleza cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, chopangira zingwe, nsalu ndi mafuta. Wolima ayenera kukhala ndi laisensi yochokera ku bungwe la boma loyang'anira za chamba la Cannabis Regulatory Authority. Poyambirira pake, mu 2020, laisensi yolima cha mankhwala inali $10,000, ya cha m'mafakitale $2,000, ndalama zoti mlimi wa chinangwa ndi mpunga sangazipeze payekha. Apa alimi akadandaula, ine ndimawamvetsa. Komabe kulima, kusunga, kusuta kapena kugulitsa popanda laisensi ndi mlandu pansi pa lamulo la mankhwala oopsa la Dangerous Drugs Act.

Nanga si bungwe la United Nations linachichotsa pa mankhwala oopsa?

Mu December 2020 linangochichotsa pa gulu limodzi, la mankhwala oopsa kwambiri, povomereza kuti chili ndi ntchito kuchipatala. Chikadali pa mndandanda wa mankhwala olondolozedwa.

Mayiko akunja zikuwakhudza bwanji, poti mbewu ili m'munda mwathu?

Chamba cha kuno sichithera kuno. Kunja amachitcha Malawi Gold, ndipo chimayenda mumsewu wa M5 kudzera ku Salima, chitabisidwa m'matumba a makala kapena usipa, mpaka kutulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, kudutsa ku Tete ndi Beitbridge kulowa Kujoni.

N'chifukwa chake mayiko anamanga mapangano. Malawi ili m'mapangano atatu a United Nations okhudza mankhwala ozunguza bongo, a 1961, 1971 ndi 1988. La 1988 ndilo lili ndi mano: limalola kutumiza woganiziridwa ku dziko lomwe akufunidwa, kulanda chuma chogulidwa ndi ndalama za malondawa, komanso kulola dala katundu kuti adutse malire apolisi akumutsatira mwakachetechete kuti aone wodzamulandira. Choncho kudutsa pa rodibuloko osasechedwa sikutanthauza kuti mwapulumuka. Mayiko a SADC nawo anasainirana pangano lawo ku Maseru mu 1996, ndipo apolisi a m'chigawo chino amagawana uthenga kudzera ku Interpol, bungwe logwirizanitsa apolisi a mayiko, lomwe lili ndi ofesi ku Harare.

Kodi vuto ndi chamba chokha?

Ayi. Kwa zaka zambiri heroin wa ku Afghanistan, mtundu wina wa mankhwala ozunguza bongo, wakhala akubwera pa zombo kuchokera m'magombe a Pakistan ndi Iran, n'kutsitsidwa ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kenako n'kuyenda pamtunda kupita ku South Africa. Ife tili pakati pa oyandikana nawo amenewa, ndipo dziko lomwe mankhwala amadutsamo silichedwa kukhala ndi owagwiritsa ntchito ake.

Munthu akandipatsira katundu, ine osadziwa zomwe zili mkatimo, mlandu ndi wa ndani?

Funso ili ndilo limandiwawa. Kwathu kupatsirana katundu ndi chikhalidwe: wopita Kujoni amanyamulira anzake ufa, nsomba zouma, mpunga wa kilombero. Ochita malondawa amadziwa zimenezi, ndipo amasankha mayi wooneka waulemu kapena mnyamata wosowa ya thiransipoti, n'kumulipirira ulendo. Apolisi amagwira amene wapezeka ndi katunduyo. Zoti simunadziwe mukazifotokoza kukhoti, mwina mutakhala kale miyezi pa rimandi, mwini katundu atazimitsa foni.

Ndiye musachite manyazi kumasula thumba pamaso pa wokupatsiraniyo, ngakhale akhale malume anu. Akakana kuti mulitsegule, lisiyeni. Ochita matola ndi eni maboti nawonso afunse zomwe akweza, chifukwa galimoto kapena boti limagwidwira limodzi.

Nditagwidwa kunja, boma lathu lingandiombole?

Mudzaweruzidwa ndi malamulo a dziko lomwe mwagwidwiralo. A ku ofesi ya kazembe angathe kukuyenderani ndi kudziwitsa abale anu kumudzi, koma sangathetse mlandu. Ku China, Singapore ndi Saudi Arabia ozembetsa mankhwala ozunguza bongo amatha kupatsidwa chilango cha imfa, ndipo anthu akunja ena anaphedwapo kale pa milandu yotereyi.