Igor Sikorsky ndi wa ndani?

Mu 2018 bwalo la ndege la Zhuliany mumzinda wa Kyiv linapatsidwa dzina la Igor Sikorsky, katswiri wopanga ndege ndi helikopita, ndipo zaka ziwiri m'mbuyomo sukulu ya ukachenjede ya Kyiv Polytechnic inali itachita chimodzimodzi. Ku Russia nako amati munthuyu ndi mwana wawo. Mkanganowu gwero lake ndi loti Sikorsky anabadwira ku Kyiv mu 1889, mzinda wa ku Ukraine umenewu uli pansi pa ufumu wa Russia.

Akadali mnyamata, mu 1909, anayesa kupanga helikopita koma sinathe kunyamula munthu, choncho anatembenukira ku ndege zamapiko. Tsiku lina injini ya ndege yake inazima ali m'mwamba, ndege n'kugwa. Atafufuza anapeza kuti udzudzu unatseka njira ya mafuta. Apa anaona kuti kudalira injini imodzi n'kuika moyo pachiswe, ndipo mu 1913 ku St Petersburg anaulutsa Russky Vityaz, ndege yoyamba padziko lonse yokhala ndi injini zinayi.

Gulu la chikomyunizimu la a Bolshevik litalanda boma ku Russia, Sikorsky anathawa, ndipo anafika ku New York mu 1919 ali chimanjamanja. Ankaphunzitsa masamu anzake othawa kwawo kuti apeze chakudya. Kampani yake anaiyambitsa mu 1923 pafamu ya nkhuku ku Long Island, amisiri ake akugwiritsa ntchito zitsulo zotola kumalo otayira zinthu. Ine apa ndi pamene ndimaona kuti onse okanganawo amaiwala chinthu chachikulu: ntchito imene dziko limamudziwa nayo anaigwira ali mlendo, atasiya zonse kwawo.

Atapanga ndege zotera pamadzi za kampani ya ndege ya Pan American, anabwerera ku maloto ake akale. Pa 14 September 1939 ku Stratford, Connecticut, anakwera yekha helikopita yake ya VS-300 n'kuinyamula pansi. Vuto la helikopita linali loti mapiko apamwamba akamazungulira, thupi lonse limafuna kuzungulira mobwerera. Iye anaika kaphiko kena kumchira kolimbana ndi mphamvu imeneyo, ndipo helikopita zambiri mpaka lero zimapangidwa motero.

Sikorsky, yemwe anamwalira mu 1972, ankanyadira kwambiri kuti makina ake amapulumutsa anthu. Mu April 1944 helikopita yake ya R-4 inakatenga woyendetsa ndege wa ku America ndi asilikali atatu a ku Britain ovulala m'nkhalango za ku Burma, komwe ndege wamba sikanatha kutera.