Khobidi loboola lija mulibe golide

Zaka zonsezi ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi mumsika wa Zomba, ngakhale m'minibasi za ku Chinamwali: akuti khobidi lakale loboola pakati lija lili ndi golide, ndipo azungu amaligula mamiliyoni. Abale anga, si zoona.

Makobidi oboola a Rhodesia ndi Nyasaland, a zaka za 1955 mpaka 1964, ndi amkuwa, ndipo anapangidwa ambirimbiri. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa khobidilo komanso zilembo zosafufutika. Kulikwecha ndi phulusa kapena ndimu kuti liwale kumangoligwetsa mtengo.

Werengani chaka cholembedwapo, mufufuze pa intaneti kuti chaka chimenecho anapanga angati. Onaninso mtengo umene ena anagulitsadi, osati wongotchula. Uthenga wonena kuti khobidili lili ndi golide ukakufikani pa WhatsApp, musautumize kwa anzanu musanatsimikize.