Ndalama za CIA pa pulogalamu ya alembi

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ku Highfield, mu Harare, tinakangana zedi, nkhani yake ya USAID, bungwe la boma la America lothandiza maiko ena, lomwe a Trump analitseka mu 2025. Mnyamata wina wa zisudzo amadandaula kuti gulu lawo lauma, amalume ena nkumuyankha kuti “mphwanga, ndalama ya mzungu siibwera yokha, imakhala ndi chingwe.” Ine ndinangokumbukira Africa Abroad.

Iyi inali pulogalamu ya pa wailesi younika mabuku, ndakatulo ndi zisudzo za anthu akuda, imajambulidwa ku London pa Transcription Centre yomwe Dennis Duerden anatsegula mu 1962 atachoka ku BBC. Woyendetsa wodziwika anali Lewis Nkosi, uja anatuluka mu South Africa ndi chiphaso chosamulola kubwereranso kwawo. Amajambula pa tepi kenako matepiwo nkumatumiza ku mawailesi a mu Africa, ndiye Chinua Achebe, Wole Soyinka, Christopher Okigbo onsewa anakhalapo pa maikolofoni akadali anyamata.

Koma ndalama zimachokera ku Congress for Cultural Freedom ya ku Paris, thumba lomwelo lomwe linalipira msonkhano wa alembi ku yunivesite ya Makerere ku Uganda mu 1962 komanso magazini ya Transition, momwe ndakatulo za David Rubadiri wathu zinatulukamo. Mu 1966 ndi 1967 manyuzi a ku America anaulula kuti kuseri kwa thumbali kunali CIA, bungwe la ukazitape la boma la America. Apa mpomwe zinthu zinasokonekera. Thandizo linayamba kuchepa, anthu nkumalozana zala, Rajat Neogy mkonzi wa Transition anatsekeredwa ndi boma la Obote ku Uganda mu 1968. Ofesi ya Duerden inangokwawa mpaka kutsekedwa m'ma 1970.

Olemba mbiri amasiyana. Ena amati cholinga chinali kukokera alembi kutali ndi chikomyunizimu cha ku Moscow ndipo chinatheka ndithu, pomwe ambiri mwa eni akewo, monga Ezekiel Mphahlele wa ku South Africa, ankati sankadziwa ndipo palibe anawauza zoti alembe. Ine ndimapendekera kwa eni ake, munthu wothawa apartheid wopanda ndi pasipoti yomwe akanafunsa bwanji risiti?

Zina mwa zokambiranazo zinasindikizidwa mu 1972 m'buku la African Writers Talking, matepi ali ku British Library, mawu a Okigbo yemwe anafa pa nkhondo ya Biafra ku Nigeria mu 1967 akumvekabe mmenemo. Amalume aja nditawauza izi anangoti “waonatu,” mnyamata uja nayenso akuti “mwaonatu amalume,” kombi ya ku Mbare nkutipeza.