ALT yakwera: kodi chiwindi chatha?

Bambo wina analowa m'chipinda changa atagwira pepala la zotsatira za magazi ndi manja onse awiri, ngati wanyamula uthenga wa maliro. Asanakhale n'komwe pampando, anandilozera mzere umodzi: ALT 68, ndipo pambali pake panali chilembo H. "Adokotala, ndiye kuti chiwindi changa chatha?" Ndinawapempha kuti ayambe akhala pansi. Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo chimene chimawaopsa anthu kwambiri ndi chilembo chija, chomwe makina amangodinda okha nambala ikadutsa malire ngakhale pang'ono.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. M'maselo ake muli timapuloteni tofulumizitsa ntchito za m'thupi, totchedwa maenzayimu. ALT, yomwe dzina lake lonse ndi alanine aminotransferase, ndi imodzi mwa maenzayimu amenewa. Malabotale ena amailembabe SGPT, dzina lake lakale, choncho musadabwe mukaona zimenezo papepala. Imathandiza kusandutsa kachidutswa ka puloteni kotchedwa alanine kukhala chinthu chimene chiwindi chingapangire shuga. Ntchito yonseyi imachitikira m'kati mwa selo. M'magazi ALT ilibe chochita. Ikapezekamo yochuluka, ndiye kuti maselo ena avulala ndipo za m'kati mwake zikutayikira kunja.

Ndimakonda kuuza odwala kuti aganizire za madzi amene awapeza pansi pa ndowa. Madziwo akukuuzani kuti ndowa ikudontha. Sakukuuzani chimene chaiboola, ndiponso sakukuuzani kuti m'ndowamo mwatsala madzi ochuluka bwanji. ALT ndi madzi a pansiwo. Imasonyeza kuti chiwindi chikuvulala panopa, koma za mmene chikugwirira ntchito sinena kanthu. Zimenezo timafunsa kwina: bilirubin, yomwe ikachuluka maso amachita chikasu, albumin, puloteni imene chiwindi chimapanga, ndi INR, yosonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Ine pepala likandifika, maso anga amathamangira kumeneko ndisanabwerere ku ALT.

Chodabwitsa n'chakuti kuyeza kumeneku kunayambira pa mtima. Mu 1954, John LaDue, Felix Wróblewski ndi Arthur Karmen ku New York anapeza kuti enzayimu ina, AST, imakwera m'magazi a munthu amene mtsempha wa mtima wake watsekeka. Patangopita zaka ziwiri, Wróblewski ndi LaDue anasonyeza kuti ALT ndiyo imaloza kwambiri kuchiwindi. Kusiyana kwake n'kwakuti AST ili ponseponse: m'chiwindi, mu mtima, m'minofu, ngakhale m'maselo ofiira a magazi, moti magazi akangoswekera m'kabotolo potengedwa movutikira, AST ikhoza kukwera popanda matenda alionse. ALT imapezeka pang'ono m'minofu ndi mu impso, koma kwawo kwenikweni ndi m'chiwindi. Mu 1957, Fernando De Ritis wa ku Naples anaona kuti kuyerekeza ziwirizi kumanena zambiri kuposa kuyang'ana imodzi yokha, ndipo mpaka lero timachita zimenezo. AST ikaposa ALT kawiri kapena kupitirira apo, funso langa lotsatira limakhala la mowa, ndipo ndimalifunsa modekha, chifukwa munthu ukamukalipira amakuuza theka la zimene amamwa. Chifukwa china chimene ALT imatsalira m'mbuyo mwa omwa kwambiri n'chakuti imafuna vitamini B6 kuti igwire ntchito, ndipo mowa umachepetsa vitamini ameneyu m'thupi.

Nanga malire ake ali pati? Malabotale ambiri amaika pafupi ndi 40, koma aliyense ali ndi malire ake malinga ndi makina amene akugwiritsa ntchito. Mu 2017 bungwe la American College of Gastroenterology linanena kuti kwa munthu wathanzi lenileni malire ayenera kukhala pakati pa 29 ndi 33 kwa amuna, ndi pakati pa 19 ndi 25 kwa akazi. Choncho mayi wa ALT 38 akhoza kutuluka pepala lake lilibe H, pamene dokotala wosamala angafune kumufunsa mafunso angapo.

Nambala ngati ya bambo aja, yosafika ngakhale kawiri pa malire, ndi imene timakumana nayo tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri gwero lake limakhala mafuta odzaza m'chiwindi, makamaka kwa anthu onenepa m'mimba kapena odwala shuga, ndipo ambiri a iwo sanalawepo mowa. Ena ndi mowa. Ena ndi mankhwala, a kuchipatala ngakhalenso azitsamba ndi aja ogulitsidwa m'mabotolo okongola kuti "amatsuka m'thupi". Apa ndiyankhule mosapsatira: chiwindi si sefa yofuna kutsukidwa, ndipo zina mwa zotsukirazo n'zimene zimachivulaza. Palinso achinyamata onyamula zitsulo: munthu akalimbitsa thupi mopitirira muyeso, minofu imatulutsa AST ndi ALT, ndipo zimatha kukhala zokwera kwa sabata yathunthu. Tikayeza enzayimu ya minofu yotchedwa CK n'kuipeza ili m'mwamba, timadziwa kuti chiwindi chikunamiziridwa.

Nambala ikadutsa 1,000, nkhani imasintha ndipo zoganizira zimachepa. Kawirikawiri zimakhala zitatu: kachilombo koyambitsa kutupa kwa chiwindi kamene kangolowa kumene, chiwindi chimene chasowa magazi chifukwa kuthamanga kwa magazi kunatsika kwambiri, kapena mankhwala, makamaka paracetamol. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 a paracetamol patsiku, ndipo kwa womwa mowa kwambiri kapena wochepa thupi malirewo ndi otsikirapo. Kuopsa kwake n'kwakuti tsiku loyamba munthu amene wamwa ochuluka amaoneka bwinobwino, mwina kanseru chabe, ALT yake ili m'malo mwake. Imayamba kukwera pakatha tsiku limodzi, n'kufika pachimake cha m'tsiku lachitatu. Pamene mankhwala oletsa poizoniyu, N-acetylcysteine, amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe. Wodikira kuti ayambe wamva kupweteka amafika nthawi yabwino itadutsa.

Komabe kukula kwa nambala si kukula kwa ngozi. Mnyamata wodwala hepatitis A, mtundu umodzi wa matenda otupa chiwindi oyamba ndi kachilombo, akhoza kukhala ndi ALT ya masauzande, n'kuchira kotheratu pakatha milungu ingapo, chifukwa chiwindi chimadziwa kudzikonza chokha. Ngakhale kutsika kwa nambala kumafuna kukuwerenga mosamala. ALT imachepa ndi theka m'magazi pakatha pafupifupi maola 47, AST pakatha maola 17, ndiye kuvulala kukasiya, AST ndiyo imayamba kutsika. Zimenezo n'zabwino ngati wodwala akupeza bwino. Koma ngati ALT ikutsika pamene maso akunka nachita chikasu, INR ikukwera, munthu wayamba kusokonezeka mutu, ndiye kuti maselo otulutsa enzayimu ndi amene akutha. Ndowa yasiya kudontha chifukwa madzi atheramo.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri si obwera ndi H papepala, koma obwera akumwetulira kuti zonse zili bwino. Chiwindi chimene chavulala pang'onopang'ono kwa zaka 20 chimadzaza zipsera n'kuuma, matenda amene timawatcha cirrhosis, ndipo pamenepo ALT ikhoza kukhala 30 basi. Hepatitis B ndi C zimachita chimodzimodzi: zimadya mwakachetechete, nambala n'kumakwera ndi kutsika, mwina tsiku limene mwayezetsa n'kupezeka ili pansi. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B yokhalitsa, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. ALT siipeza kachilomboka. Kali ndi kuyeza kwakekwake, ndipo munthu wamkulu aliyense ndi bwino ayezetse kamodzi pa moyo wake, ALT ikhale yokwera kapena ayi.

Pamene ALT imatithandiza kwambiri ndi potsatira munthu mmodzi kwa nthawi. Mankhwala a chifuwa chachikulu, monga isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amatha kukweza ALT pang'ono m'miyezi yoyambirira kenako n'kutsika yokha. Timaimitsa mankhwala ikafika kasanu pa malire, kapena katatu ngati munthu akusanza, akumva kupweteka m'mimba kapena maso achita chikasu. Chigamulo chimenecho n'cha dokotala. Wosiya yekha mankhwala a TB chifukwa cha H wapapepala amaitana vuto lalikulu kuposa limene akulithawa.

Bambo aja ndinawapima pamimba, ndinayang'ana m'maso mwawo, ndinawayeza m'chiuno ndi tepi. Bilirubin ndi albumin zinali bwino. Ndinawalembera kuti ayezetse hepatitis B ndi C, shuga ndi mafuta a m'magazi, ajambulitsenso chiwindi pa sikani. Kenako ndinawapempha kuti pobwera ulendo wina adzatenge chilichonse chimene amamwa, asasiye ngakhale chimodzi. Poyamba anali atandiuza kuti samwa mankhwala alionse. Anabwera ndi jumbo, n'kukhuthulira patebulo panga: mapiritsi a mutu, ufa wa chimfine wosungunula m'madzi otentha, ndi botolo lazitsamba lopanda chizindikiro cha zimene zilimo. Titawerenga timalemba tating'ono ta pamapaketi, awiri oyambawo onse anali ndi paracetamol. Sikani inasonyezanso mafuta m'chiwindi. Tinagwirizana kuti botolo lija alisiye, mapiritsi azimwa mtundu umodzi wokha akafunikadi, ayambe kuyenda mtunda tsiku lililonse, ndipo tidzayezenso magazi pakatha miyezi itatu.