Wodwala akagonekedwa chafufumimba, musaiwale maso ake

Chiyambireni mliri wa COVID-19 mu 2020, anthu ambiri aonapo abale awo m'chipinda cha odwala mwakayakaya atagonekedwa chafufumimba, makina akuwathandiza kupuma. Musakane kuti wodwala wanu agonekedwe chonchi. Mapapo akatupa kwambiri, kugona chonchi kumathandiza kuti mpweya ufike mbali yakumsana ya mapapo, ndipo kafukufuku wa PROSEVA wa mu 2013 anaonetsa kuti kumapulumutsa miyoyo. Wodwala amatha kukhala choncho maola 16 kapena kuposerapo pa tsiku.

Maso ndiwo amavutika mwakachetechete. Mankhwala ogonetsa amaletsa munthu kuphethira, zikope sizitsekeka bwino, diso limauma n'kuchita chilonda. Mutu ukakhala choweramira pansi nthawi yaitali, madzi amadzadza kumaso, choyera cha diso chimatupa mpaka kutuzuka pakati pa zikope. Tizilombo ta m'makhololo tikhoza kugwera m'diso pomwe anamwino akupopa kukhosi. Choopsa koposa ndi pilo kapena paipi ikatsamira padiso: magazi amasiya kufika ku mtsempha woonera, ndipo maola ochepa okha amakwana kuti diso life.

Anamwino amapaka mafuta a m'maso pafupipafupi, kutseka zikope ndi pulasitala, kutembenuza mutu pakapita maola awiri kapena anayi, ndi kukweza bedi chakumutu. Mukapeza maso atamatidwa, musadzidzimuke, ndi chitetezo chimenecho.

Chomwe chikutidetsa nkhawa ndi mawu akuti "zitha zokha". Tawamva kambirimbiri. Wodwala watsitsimuka, akuti, "Kodi magetsi azima?" pomwe muli mbee, kapena akupapasa kapu yomwe ili pafupi pomwepo. Achibale, posangalala kuti munthu wapulumuka, amvekere ndi mphamvu ya mankhwala, mawa aona bwino. Kusangalalako n'komveka, koma kudikira mawa kumeneko ndiye kumachititsa khungu. Kutupa kwa zikope kumaphwa, inde. Koma mtsempha woonera ukafa subwereranso, ndipo chilonda cha padiso chikalowa tizilombo chikhoza kuboola diso m'masiku ochepa.

Uzani namwino nthawi yomweyo mukaona diso lili chotsegula munthu ali mtulo, lafiira, likutuluka mafinya, kapena pali kadontho koyera pakati pa diso. Chimodzimodzi wodwala akadandaula kuti diso likuwawa kwambiri, mutu ukupweteka ndipo akusanza, akuona mwachimbuuzi kapena mbali imodzi kuli mdima. Musaope kuti mukuvutitsa anthu otanganidwa. Wodwala ali pa makina sangathe kunena yekha kuti diso likuwawa. Ngati ali ndi matenda a glaucoma (omwe madzi a m'kati mwa diso amapanikiza mtsempha woonera) kapena anachitidwapo opaleshoni ya maso, nenani asanamugoneke chafufumimba.

Musapukute maso ake ndi nsalu yanu, musadonthezeremo chilichonse chomwe dokotala sanalembe. Ngakhale atatuluka m'chipatala, akangoti sakuona bwino, mupite naye kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo.