Nyumba za osauka za ku Ewelme ndi mkangano wa mphatso yokhala ndi chingwe

Mu Okutobala 2025 mphoto ya Stirling, imene akatswiri a zomangamanga ku Britain amaiona ngati yaikulu, inapita ku Appleby Blue, nyumba ya okalamba ya ku Southwark mu London. Ndi imodzi mwa nyumba zachifundo zimene Angerezi amati almshouse. Koma kuseri kwa nthungululuzo kuli mkangano umene sunazirale. Mu 2016 khoti la apilo, poweruza mlandu wochokera ku Ashtead ku Surrey, linagamula kuti wokhala m'nyumba yotere si wa lendi. Amangololedwa kukhalamo ndi matrasti, anthu oyang'anira chuma cha bungwe loyendetsa nyumbayo, ndalama imene amapereka sabata ndi sabata ndi yothandizira kusamalira nyumba, ndipo malamulo oteteza anthu a lendi samufikira.

Lamulo looneka louma chonchi linachokera kuti? Yankho likuoneka bwino m'mudzi wa Ewelme ku Oxfordshire.

Za chiyambi chenicheni cha nyumba zachifundozi, mabuku amakangana. Ena amati Mfumu Athelstan ndiye anayambitsa nyumba yoyamba ku York m'zaka za m'ma 900, koma nkhaniyo inalembedwa patapita zaka zambiri ndipo ndi ya m'kamwa kuposa ya umboni. Za St Cross ku Winchester, yomangidwa ndi Bishopu Henry wa ku Blois m'ma 1130, zili ndi phata. Nyumba zakalezo zinali holo imodzi yaitali, mabedi mbali ndi mbali, guwa kumapeto, kuti wodwala amve Misa ali chigonere. St Mary's ya ku Chichester ikadali ndi maonekedwe amenewo.

Ku Ewelme zinthu zinali zitasintha. Mu 1437 Mfumu Henry VI analoleza William de la Pole wa ku Suffolk ndi mkazi wake Alice, mdzukulu wa wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer, kumanga malo otchedwa God's House, oti muzikhala ansembe awiri ndi amuna osauka 13. Aliyense anapatsidwa kanyumba kake ndi moto wake. Tinyumbato n'togundizana, tozungulira bwalo la makona anayi, ndipo khonde la mizati yamitengo limayenda mozungulira. Anamangira njerwa zofiira, chinthu chachilendo m'deralo nthawi imeneyo, ndipo khomo lake lili ndi mutu wa masitepe wofanana ndi nyumba za ku Flanders, dera la ku Belgium. Kuchokera pabwalo pali njira yofoleredwa yokwera mpaka kuchitseko cha tchalitchi. Chakumunsi kuli sukulu, imene ana akuphunziramo mpaka lero.

Taonani mamangidwewo. Zitseko zonse zikuyang'ana pabwalo limodzi, moti wotuluka ndi wolowa aliyense amaonedwa. Njira yopita kutchalitchi n'njofolera, kotero mvula si chowiringula. Malamulo a nyumbayi, amene analembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1440, amalongosola ntchito ya amuna 13 aja: kuvala chovala chokhala ndi mtanda wofiira pachifuwa, kupezeka pa mapemphero tsiku ndi tsiku, kusonkhana pa manda a makolo a Alice, Thomas Chaucer ndi Maud, ndi kupempherera mizimu ya eni nyumba. Wojomba ankamudula malipiro, wosamva ankatha kuchotsedwa. Anthu a nthawiyo ankakhulupirira kuti pemphero la wosauka limafupikitsa masiku a munthu ku purigatoriyo. Choncho wolemera ankapereka denga, wosauka ankabweza ndi pemphero. Minda itatu, ya Marsh Gibbon, Ramridge ndi Conock, inaperekedwa kuti izilipira zonsezi.

William sanakalambe. Mu 1450 adani ake anamugwira panyanja akupita kunja atathamangitsidwa m'dziko, namudula mutu m'bwato. Alice anakhala mpaka 1475, ndipo manda ake m'tchalitchimo ali ndi zifanizo ziwiri: pamwamba mayi wolemekezeka wovala zaufumu, pansi mtembo wouma wofota. Mawu a osauka amene ankagwada pafupi napo sanasungidwe. Zolemba zimene zilipo ndi za eni chuma ndi oyang'anira, ndiye mbiri yonseyi timaimvera mbali imodzi.

Mphindi yosinthira zinthu inafika ndi malamulo a 1545 ndi 1547, pa nthawi ya Henry VIII ndi mwana wake Edward VI. Boma linalanda chuma cha malo opempherera akufa, ndipo lamulo la 1547 linanyoza chiphunzitso cha purigatoriyo poyera. Nyumba zambiri zachifundo zogwirizana ndi amonke zinali zitatsekedwa kale, ndipo okhalamo anabalalika. Ewelme inapulumuka. Chifukwa chimene ambiri amapereka n'chakuti a banja la de la Pole atagwa, mudziwo unali utasanduka wa mfumu, ndipo mfumu inalibe chifukwa chogwetsera nyumba ya pakhomo pake. N'zomveka, ngakhale kuti ndi kulumikiza mfundo chabe, osati mawu olembedwa a mfumuyo.

Chofunika n'chakuti malonda aja a denga ndi pemphero anaduka mbali imodzi. Pemphero la wosauka linasiya kukhala malipiro, koma malamulo omuyang'anira anatsala. Amene kale anali ndi chobweza anasanduka wongolandira. Amalonda ndi eni minda a zaka zotsatira anapitiriza kumanga, makamaka m'midzi: mzere wa tinyumba tingapo, machumuni ataliatali, mwala pakhoma wolembedwa dzina la wopereka, ndi mndandanda wa zoletsa monga uchidakwa, kutukwana ndi kugona kunja. Ankasankha osauka "oyenera". Otsalawo anasiyidwira lamulo la osauka la 1601, ndipo pambuyo pake nyumba zogwiritsa ntchito yakalavulagaga. Ku Ewelme, Mfumu James I mu 1617 anapatsa udindo wa mkulu wa nyumbayi kwa pulofesa wa zamankhwala wa ku Oxford, ndipo zili choncho mpaka pano.

Matrasti a lero ali ndi mfundo yawo, ndipo siyopepuka. Amati okhalamo akasanduka a lendi, munthu amene wapeza chuma kapena wovutitsa anzake sangachotsedwe, ndiye nyumba imene yasungidwira osauka zaka mazana ingathere m'manja mwa amene sakuyifuna kwenikweni. Bungwe la Almshouse Association, limene linayamba mu 1946, likuimira mabungwe oposa 1,600, ndipo anthu oposa 30,000 akukhala m'nyumba zimenezi pa mtengo wotsika, pakati pa anzawo owadziwa. Ambiri mwa iwo sadzamva n'komwe za khoti.

Komabe gogo wa zaka 80 akasemphana ndi matrasti, chomuteteza chachikulu ndi kalata yomulowetsa ndi malamulo a bungwe lomwelo. Ku Ewelme tinyumba 13 tija tinakonzedwa n'kusanduka 8 kuti mulowe mabafa ndi makhitchini, ndipo amayi nawo tsopano amalandiridwa. Njerwa anazikonza mogwirizana ndi nthawi. Udindo wa wokhalamo pamaso pa khoti ndi umene sunakonzedwe.