Anthu akale sankakhala kwaokha: umboni uli m'mikanda

Ambiri tinakula tikumva kuti anthu akalekale ankangokhala m'mapanga, kagulu kalikonse kwakekwake, osadziwana ndi ena. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo timikanda ta zigoba za mazira a nthiwatiwa tikuwatsutsa.

Munthu ankaphwanya chigoba, n'kuboola kachidutswa pakati ndi mwala wosongoka, kenako n'kukanola m'mbali mpaka kakhale kozungulira. Ntchito yofuna kudekha! Akatswiri ofufuza zakale, Jennifer Miller ndi Yiming Wang, anayeza mikanda yoposa 1,500 yochokera m'malo 31. Anapeza kuti pakati pa zaka 50,000 ndi 33,000 zapitazo, mikanda ya kum'mawa kwa Africa ndi ya kum'mwera inkafanana kwambiri kukula kwake ndi bowo lake, ngakhale kuti maderawa atalikirana makilomita oposa 3,000. Kufanana kotere si kwangozi. Luso linkayenda kuchoka kwa anthu awa kupita kwa awo.

Ubalewu unadzaduka nyengo itasintha, ndipo kum'mwera mikandayi inasowa mpaka cha m'ma zaka 19,000 zapitazo.

Chimene chimandigwira mtima ndi cha ku Lesotho. M'mapiri a kumeneko mulibe nthiwatiwa, koma mikanda inapezeka, ndipo zigoba zake zina zinachokera mtunda woposa makilomita 300.